Zigubu za Madzi Akuda

Kuntchito kwathu chigubu chinkapeza mwini wake zam'kati mwake zisanathe n'komwe. Chikangotsitsidwa m'galimoto, chodzadza ndi sopo wokolopera kapena madzi oyeretsedwa a mu labu, maso onse ankakhala pa icho, ndipo pofika masana unkapeza wina wachiika kale chizindikiro chake kunsi. Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu labu ya kemisitiri pa koleji ina kuno ku Blantyre, kutsuka magalasi, kuyeza mankhwala ndi kukonzera ophunzira zipangizo, ndipo mwambo umenewu ndinaupeza, ndinausiyanso. Zigubu zinkagawidwa motsata maudindo. Oyamba anali abwana oyang'anira maofesi ndi katundu, kenako asekilitale, kenako ife a m'malabu, adalaivala, okolopa, alonda kumapeto. Aliyense ankadziwa malo ake pa mzere umenewo kuposa momwe ankadziwira ntchito imene anamulembera.

Sindingawanyoze kwambiri pa zimenezo, chifukwa nanenso ndinatengako zingapo za sopo. Amene amakhala ku Nancholi ngati ine amadziwa kuti mpopi ukhoza kutsokomola m'mawa, kulavula dzimbiri pang'ono, n'kukhala chete mpaka sabata kutha. Kunyumba tinali awiri, ine ndi amayi anga, omwe ndinawatenga bambo atamwalira. Makolo awo anachokera ku Mozambique wapansi, iwo n'kukulira kuno, n'kukalambira m'nyumba za ku Mandala akuchapa ndi kusita zovala za eni. Kukhala pansi sanakuphunzire. Ndinkawaletsa kupita ku mjigo, iwo n'kuvomera ndi mutu, ine ndikangokhota pa msewu iwo nkhata ili kale m'manja.

Chaka chimene ndikunenachi kunabwera mphunzitsi watsopano, mayi wachitsikana amene anali atangomaliza maphunziro ake kunja. Tinkawatchula kuti adokotala ngakhale sanali a chipatala. Anabwera ndi kabotolo kokulungidwa m'masokosi, m'kati muli ufa wakuda bii, ndipo anandiuza kuti ndi timachubu ta kaboni. Akuti ndi chinthu chomwecho chimene chili m'makala ndi m'mwaye, koma chokulungidwa ngati mkeka, timachubu tating'ono moti tsitsi limodzi ndi chimtengo ukayerekeza nato. Cholinga chawo chinali choti tsiku lina ufawo uzidzakola zitsulo zapoizoni m'madzi akumwa. Vuto linali loti ufawo umadana ndi madzi. Ukauthira m'galasi umayandama, ukauvundula umagwirana timibulu n'kumira, madzi n'kutsala mbee. Ntchito yathu inali youkakamiza kuti ulowerere m'madzi, ukhalemo, osabwereranso pansi.

Ufa umenewo ndinadana nawo tsiku loyamba lomwe. Ndi wopepuka kuposa phulusa la pepala. Ukangotsegula botolo umadzuka wokha, kukwera supuni, kukwera magolovesi, kulowa kunsi kwa kansalu ka pamphuno. Madzulo ndikamina, mamina ankatuluka akuda, ndipo ndinkabisa kansaluko kuti amayi asakaone. Tsiku lina ndinawafunsa adokotala kuti ufawu ukalowa m'thupi umakachita chiyani.

"Kunena zoona madamu, nkhani imeneyo akuifufuzabe," anandiyankha, maso ali pa kompyuta. "Ena akuti m'mapapo ndi woipa. Za m'mimba palibe akudziwa bwinobwino. Basi tizingosamala."

Yankho limenelo linandisowetsa mtendere kuposa akanangonena kuti umapha. Chinthu chakupha umadziwa pochiika.

Kuti ufawo ugwirizane ndi madzi tinkauphika mu asidi. Tinkasakaniza amitundu iwiri, magawo atatu a uja wa m'mabatire a galimoto koma wosasungunula, gawo limodzi la wina amene amasiya chala chachikasu akangokugunda. Choyamba botolo linkakhala m'kabafa konjenjemera kamene kankalira kamawu kolasa m'mano, kuti timibulu tija tiphwasuke. Kenako linkakhala pa moto kwa maola angapo, likutulutsa utsi wofiirira. Adokotala ankati asidiyo amaluma makoma a timachubu, ndipo pa bala lililonse pamamera kadzanja kogwira madzi. Kabati yathu yokoka utsi inkagwira ntchito magetsi akakhalapo. Akazima, tinkazimitsa zonse, kutsegula mawindo n'kuthawira panja, pakhosi pakuwawa, maso akutuluka misozi, ndipo ophunzira odutsa ankatifunsa ngati kwagwa zovuta.

Kuphikako kunali kochepa. Chimene chinandidyera miyezi chinali kutsuka. Phala lakudalo linkafunika kulitsuka ndi madzi oyeretsedwa, kulisefa, kulitsukanso, kulisefanso, mpaka kapepala koyezera asidi kasiye kufiira. Kasefa kathu kanali kakang'ono ngati chivundikiro cha kapu, ndipo madzi ankadontha mochita kupemphedwa. Asidi woyamba uja, waukali, ndinkamusunga m'mabotolo agalasi m'kabati yokiya. Koma madzi otsukira otsatira anali ambiri, ndipo apa ndi pamene panali chodabwitsa. Ntchito ikamayenda bwino, tizidutswa ta ufawo tinkayamba kudutsa m'kasefa pamodzi ndi madzi, poti tsopano tinali titagwirizana nawo. Madzi otsukira ankatuluka akuda ngati tiyi wogona m'ketulo, owawasa fungo, ndipo ukawasiya sabata yonse pansi sipankaoneka nsenga.

Madzi amenewo sindikanawathira mu sinki. Mapaipi a labu yathu ankathera mu ngalande ya simenti, ngalandeyo n'kudutsa kunsi kwa mpanda kukalowa m'kamtsinje komwe anthu amachapa ndi kuthirira masamba. Adokotala anati ndiziwasunga kaye mpaka apeze njira yoyenera yowatayira. Ndiye chigubu chilichonse cha madzi oyeretsedwa chikatha, m'malo mochipereka ku mzere wa maudindo uja, ndinkachidzadza madzi akuda n'kuchiika m'kachipinda kosungira katundu kuseri kwa labu. Ndinawauza anthu onse mosabisa kuti zigubu zimenezi zatha ntchito, sizidzasungiranso madzi akumwa m'nyumba ya munthu aliyense. Ndikanatukwana m'tchalitchi sakanandiyang'ana choncho.

Oyamba kubwera anali abwana a katundu aja. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji, wotsegula misonkhano yonse ndi pemphero lalitali. Anaima pakhomo pa kachipindako n'kuwerenga zigubu ndi chibwano.

"Madamu, katundu uyu akumasuka liti?"

"Sakumasuka abwana. Muli mankhwala. Zikadzachoka pano zidzapita kokawonongedwa, ndi madzi ake omwe."

"Aaa, madamu, pulasitiki ndi pulasitiki." Anaseka mondimvera chisoni. "Ine kwathu kuli chigubu chimene munali mankhwala a chiswe. Ndinachitsuka ndi phulusa ndi madzi otentha, ana akumwera mpaka lero. Wina ali ku sekondale, ndipo akukhoza bwino."

Ndinawafotokozera kuti zimene zili m'madzimo si fumbi loti ungalikokolole, kuti zimamatirira m'makona ndi m'chogwirira, ndipo zikaona madzi atsopano zimalowamo. Anandimvetsera mwaulemu wonse, manja ali kumbuyo. Pochoka anagunda chigubu chimodzi ndi nsapato kuti amve ngati pulasitiki wake ndi wolimba.

Tsiku lomwelo ndinadula mapepala, kulemba kuti POIZONI ndi zilembo zikuluzikulu, kujambula chigaza ndi mafupa, n'kumata pa chigubu chilichonse. Kujambula sindikudziwa. Asekilitale ataona anaseka mpaka kugwira khoma, akuti ndajambula amuna awo akale ndipo ndawafananitsa. Patatha masiku awiri ndinapeza kadontho ka penti wa m'zikhadabo kunsi kwa zigubu ziwiri, wofiira ngati wa m'zala zawo zomwe. Pa china wina anakanda mtanda ndi msomali. China anachimanga kachingwe kabuluu pa chogwirira. Anthu ophunzira, ena a madigiri, ankalowa mozemba m'kachipinda konunkha asidi kukasungitsa malo pa chigubu cholembedwa kuti poizoni. Ndinkafufuta zizindikirozo, m'mawa n'kuzipeza zabwerera. Ndinagula loko wanga n'kuika pa chitseko, ndipo kuyambira pamenepo moni wa m'mawa unayamba kundifika wozizira. Ndinamva kuti kuseri ankati ndikusunga zigubu zonse kuti ndikagulitse ku Limbe.

Adokotala analemba kalata yopempha kuti akuluakulu apeze anthu odziwa kutaya zinyalala za mankhwala. Kalatayo inayenda maofesi anayi, aliyense n'kusainapo, n'kubwerera kwa ife patatha mwezi ili ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pakati, kunsi atalembapo kuti nkhaniyi ikambidwa pa msonkhano wotsatira. Pa msonkhano wotsatirawo anakambirana za yunifolomu ya okolopa. Ndinawauza adokotala kuti apite okha akagogode, koma iwo mtima unali pa zoyeza zawo ndi pa pepala limene ankalemba loti akawerenge kunja. Sanali munthu woipa. Kungoti kumene anaphunzirako, zinyalala munthu amaziika pakhomo, m'mawa n'kupeza zapita, ndipo sanadzifunsepo kuti amazitenga ndani.

Ntchito yeniyeniyo inatheka, ndipo sindinama, ndinasangalala. Titalephera kangapo, nthawi ina ufa n'kupsa wonse mu asidi, nthawi ina n'kutuluka wamakani monga unalowera, tsiku lina ndinatapa kaufa kouma kunsonga kwa supuni, kukathira m'botolo la madzi, kugwedeza kawiri. Madzi onse anada ngati inki. Tinaliika botololo pa shelefu pafupi ndi lina la ufa wosaphika. Lija la wosaphika pofika masana linali litayera, zakuda zonse zili pansi. Lathu linakhala sabata, masabata atatu, mwezi, likadali bii kuyambira pamwamba mpaka pansi. M'mawa uliwonse ndinkaliunika ndi tochi ya foni kufunafuna nsenga, osaipeza. Adokotala anandikumbatira, n'kunena kuti manja anga ndi amene achita zimenezi. Anajambula mabotolo awiriwo n'kunyamuka ulendo wa ku msonkhano wawo. Kuseri kwa labu zigubu zinali zitakwana khumi ndi ziwiri.

Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha koti phula ankamata nsapato. Mipopi inauma m'tauni monse, ndipo inali sabata yachiwiri. Ku koleji komwe zimbudzi anazitseka ndi mawaya, fungo likufika mpaka ku malo odyera. Anthu ankabwera kuntchito ndi maso ofiira atadzukira m'mizere ya madzi, ndipo aliyense wodutsa pa kachipinda kanga ankachepetsa liwiro.

Tsiku lina mapepala osefera anali atatha, ndipo ophunzira anali ndi mayeso m'mawa mwake. Nditangofika kuntchito ndinayenera kupita ku Limbe kukafunafuna. Lamulo la pa koleji linali loti munthu akamatuluka pa geti nthawi ya ntchito, makiyi onse a zipinda amasiya ku ofesi ya katundu, poopa moto. Ndinaima pakhomo pa ofesiyo makiyi ali m'manja, mtima ukundiuza kuti ndichotsepo ka loko wanga kaja. Asekilitale anali akundiyang'ana. Ndinachita manyazi, poti anali atanditchula kale wakuba, ndipo ndinapachika mulu wonse pa msomali. Manyazi amenewo ndimadzitukwana nawo mpaka lero.

Ku Limbe ndinazungulira sitolo ndi sitolo, fumbi lili m'mano, oitanira minibasi akundikoka chikwama. Kwina anandionetsa mapepala osefera khofi, kwina anandiuza kuti ndibwere mwezi wamawa. Ndinawapeza masana kwambiri m'kasitolo ka mankhwala kuseri kwa msika, ndipo pofika ku koleji nthawi inali itadutsa folo koloko.

Ndinayamba kumva fungo ndisanaone kanthu. Ngalande ya kuseri kwa labu, yomwe inali youma kwa masabata, inali yonyowa, simenti yonse yakuda kuyambira pakhomo pa kachipinda mpaka kunsi kwa mpanda. Chitseko chinali chotsegula. M'kati munali mosesa bwino, mokolopa ndi nsanza youma, ndipo pakona panali mulu wa mapepala anga a chigaza, atawamatula limodzilimodzi n'kuwasanja mwadongosolo. Mayi wina wokolopa anandipeza nditaima pomwepo.

"Tagawana madamu," anatero akumwetulira. "Ulendo uno zayenda mwachilungamo, mpaka ife talandira. Mulungu akudalitseni posunga."

Ndinathamangira ku ofesi ya katundu osagogoda n'komwe. Abwana anali akupukuta magalasi awo ndi nsonga ya tayi.

"Mwataya madzi aja mu ngalande?"

"Khalani pansi madamu. Timadzi takuda basi, tapita ndi mtsinje. Inu simukuona mmene anthu akuvutikira? Ine monga kholo pano sindikanangoyang'ana zigubu zili phwii, mabanja akusowa potungira."

"Mwazitsuka ndi chiyani, pomwe mipopi ilibe madzi?"

"Aliyense akatsuka kwawo. Si ana amenewa."

"Nanga mapepala mwamatuliranji?"

"Munthu angayende m'tauni ndi chigubu cha chigaza? Anthu aziti chiyani?" Anavala magalasi n'kundiyang'ana mokoma mtima. "Ndipo musadandaule, sitinakuiwaleni ngakhale munatiumira mtima. Chanu ndinakusankhirani ndekha, cha chotsekera chabwino. Adalaivala pokasiya changa anadzera ku Nancholi m'mawa womwe uno. Amayi anu alandira ndi manja awiri."

Zimene ndinawayankha sindingazilembe pano. Ndikukumbukira kuti asekilitale anatseka chitseko kuti ophunzira asamve, ndipo abwanawo ankangobwereza kuti mayi wachikhristu salankhula choncho. Ndinatuluka ndikuimba foni ya amayi. Inali yozima. Kwathu magetsi anali atapita dzulo lake, ndipo ndinadziwa kuti kafoni kawo kali pa windo, kakufa.

Pa geti ndinalemba uthenga pa gulu lathu la pa foni la ogwira ntchito. Ndinalemba kuti aliyense amene watenga chigubu asathiremo madzi akumwa, asaphikire, asasambitsire mwana, achibweze mawa. Ndinalemba kawiri. Mayankho anayamba kubwera ndili mu minibasi yolowera m'tauni. Wina anati wamva. Wina anatumiza manja opemphera. Adalaivala analemba kuti, "Ife tatsuka kale ndi mchenga madamu, chayera bwinobwino, musatope." Wina, amene sindinamudziwe nambala yake, anafunsa ngati zobwezedwazo zidzagawidwenso.

Ndinene pano, poti sindidzabwereranso ku nkhani ya anthu amenewa: pa zigubu khumi ndi chimodzi zimene zinapita m'nyumba zawo, zinabwerera zitatu. Chimodzi mwa zitatuzo sichinali chathu n'komwe, chinali chakale chong'ambika chimene munthu anabweretsa kuti anditseke pakamwa. Adokotala atabwera anagwira mutu, kulemba kalata ina, ndipo kalatayo inayenda maofesi anayi. Ine ndinalandira chenjezo lolembedwa chifukwa cholankhula mwachipongwe kwa mkulu. Za kamtsinje palibe anafunsa, ndipo palibe anakayeza.

M'tauni ndinatsika n'kuthamanga kudutsa pakati pa ogulitsa malonda mpaka pokwerera za ku Nancholi. Minibasi inali ndi anthu anayi okha, ndipo kondakitala anali asakufulumira.

"Achimwene, tiyeni chonde, ndili ndi vuto kunyumba."

"Mami, aliyense muno ali ndi vuto kunyumba," anandiyankha akumenya denga kuitana anthu. "Ikadzadza tinyamuka."

Ndinakhala pa mpando wotentha, thukuta likutsika kumsana, ndikudzinyengerera. Amayi ndi munthu waukhondo, anatha moyo wawo wonse akutsuka za eni, sangathire madzi m'chinthu osachiona m'kati. Mwina mwendo ukuwapweteka lero ndipo sanapite ku mjigo. Mwina mzere ndi wautali ndipo akadali konko. Komanso mwina ufawo m'mimba suchita kanthu, umangodutsa. Koma mawu a adokotala ankabwerera, oti palibe akudziwa bwinobwino, ndipo ndinkaona mkati mwa zigubuzo mmene ndinkamudziwira, utoto wakuda utamata m'mapewa ndi m'chogwirira, ndi timadzi totsalira pansi timene situluka ngakhale upendeke bwanji. Pa msewu wa ku Chikwawa magalimoto anali atathinana, ndipo m'mbali monse munali anthu ndi zigubu, pamutu, pa njinga, pa wilibala. Chilichonse chimene ndinkachiona ndinkachiyang'ana kunsi ngati chili ndi kadontho kofiira.

Nditatsika ndinakwera chitunda chathu ndikuthamanga, nsapato zili m'manja. Dzuwa linali lisanalowe. Amayi anali pakhonde, atatambasula miyendo, mpango wonyowa ndi thukuta uli pa bondo. Pambali pawo panali chigubu chija, chotsekera chake chabwinocho chili pamwamba, ndi ndowa yathu yoyera ya pulasitiki, yovundikira ndi mbale.

"Wabwera msanga lero," anatero. "Anzako akuntchito ndi anthu abwino. Anabwera ndi galimoto mpaka pakhomo pano, akuti mphatso yako. Ndinawapatsa moni wako."

"Amayi, mwathiramo madzi?"

"Nanga chigubu n'chachiyani? Ndapita ku mjigo wa kumunsi kuja. Mzere wake, iwe, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Pokwera ndapuma kawiri."

"Munachitsuka?"

"Ndatsukuluza kamodzi, munatuluka zakuda. Ndimati ndibwereze koma anthu pa mzere anayamba kundikalipira kuti ndikutaya madzi. Ndiye ndinangotunga." Anandiyang'ana kumapazi. "Nsapato wavuliranji?"

Ndinagwada n'kuchotsa mbale pa ndowa. Madzi anali otuwa, osati akuda, otuwa pang'ono chabe, ngati amene watsukiramo mpeni wosendera mbatata. Munthu wosadziwa akanati ndi a mjigo wa m'chilimwe. Ine ndinawadziwa. Kutuwako kunali kofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mwamwako?"

"Makapu awiri okha. Ludzu linandigwira pofika pano, ndinalephera kupirira. Akuwawasa pang'ono, koma ndi chigubu chatsopano, zimatero." Anabweza mbale ija pa ndowa mosamala, kuti asagwedeze. "Usawavundule. Enawa ndawathira muno kuti adikhe, iwe udzamwe oyera ukabwera. Kungoti akuchedwa. Ndakhala pano kuyambira masana ndikusuzumira, sakutsika."

Ndinawafunsa ngati m'mimba mukupweteka, ngati pakhosi pakuwotcha, ngati akumva chizungulire. Anati ayi, ayi, ndipo ndisiye kuwafunsa ngati nesi. Ndinawauza kuti avale tipite ku chipatala. Anakana, akuti munthu sapita ku chipatala chifukwa chomwa madzi, ndipo kumeneko akanena kuti akudwala chiyani. Funso limenelo linandikhalitsa pansi, chifukwa nanenso sindinadziwe chimene ndikanakawauza adokotala enieni, kapena chimene iwo akanayeza. Tinapitabe m'mawa mwake, anawapima, anati ali bwino, ndipo anakhala bwino. Koma kwa zaka zonse zimene anakhala ndi moyo pambuyo pake, akangotsokomola kapena kugwira pamimba, ine mtima unkapita ku makapu awiri aja, ndipo panalibe munthu pa dziko lino woti andiuze kuti inde kapena ayi.

Madzulo amenewo ndinalowa m'nyumba n'kutenga mpeni waukulu. Amayi ataona kuti ndalunjika pa chigubu anadzuka msanga kuposa mmene ndinawaonerapo, n'kuchigwira chogwirira.

"Wapenga? Madzi ndasenza ndekha awa."

"Ndi oipa amayi. Muli mankhwala a kuntchito. Chigubuchi sichinayenere kufika pano."

"Ndiye ungotaya? Dikira kaye mwananga, usapupulume. Ine ndatunga madzi moyo wanga wonse, a m'chitsime, a mumtsinje, a matope enieni. Ukawapatsa nthawi, zoipa zimatsika, iwe n'kutapa apamwamba. Tiwasiye agone, mawa uona."

Anali akundiyang'ana ndi nkhope yotopa, chizindikiro cha nkhata chikadali pa tsitsi lawo la imvi. Ndinafuna kuwanamiza, kunena kuti chabwino tidikire, kenako ndidzataye iwo asakuona. Koma ndinadziwa kuti m'mawa adzadzuka ine ndisanadzuke, adzasuzumira, adzatapa apamwamba.

"Awa satsika amayi. Mawa, sabata yamawa, mwezi wamawa, adzakhala chonchi."

"Madzi anji osadikha? Wakuuza ndani?"

"Palibe wandiuza. Ndinawakonza ndine kuti asamadikhe. Ndiyo ntchito imene ndakhala ndikugwira miyezi yonseyi."

Anayang'ana ine, kenako ndowa, kenako ine. Sanakalipe. Anachotsa dzanja pa chogwirira pang'onopang'ono n'kulipukuta pa chitenje.

"Ndiye kumene umapita m'mawa uliwonse kuja," anatero, "ndimauza anthu kutchalitchi kuti mwana wanga amakonza madzi."

Ndinakokera chigubucho kuseri kwa nyumba, kutali ndi masamba awo, ndipo ndinaima pamenepo mpeni uli m'manja, ndikusowa poti ndithire madziwo.